Utsi wa kandulo m'chipinda chogona: kodi ndi woopsa motani?

Magetsi akathima madzulo, zimene zimachitika m'nyumba zambiri za ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi n'zodziwika: wina amapapasa machesi, n'kuyatsa kandulo, n'kudonthetsera phula pasosala kuti iime, kapena kuizika pakamwa pa botolo. Kandulo ilibe fungo loipa ngati la palafini, ndipo lawi lake limaoneka laukhondo, motero ndi ochepa amene amaiwerengera m'gulu la zinthu zodetsa mpweya. Komabe amene anayang'anapo khoma pamalo amene kandulo imakhala masiku onse anaona banga lakuda lokwera m'mwamba, ndipo wophunzira amene anachezerapo kuwerenga pa kandulo nthawi ya mayeso akudziwa kuti m'mawa akamina, mamina amatuluka odera. Mwaye umene wamata pakhomapo unadutsa kaye mumpweya womwewo umene anthu a m'nyumbamo amapuma. Choncho m'pofunika kudziwa kuchuluka kwa utsiwo, zimene zili m'kati mwake, ndiponso anthu amene ungawavulaze.

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi anachitikira ku Ulaya ndi ku America, kumene kandulo ndi chokongoletsera cha patebulo, choyatsidwa m'nyumba zazikulu zimene zili kale ndi magetsi. Kwathu kuno kandulo ndi nyali. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 m'Malawi anapeza kuti mabanja oposa theka amaunikira ndi matochi a mabatire, pafupifupi 11 pa 100 alionse amaunikira ndi magetsi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 alionse amadalira makandulo. Chiwerengerochi chimabisa mabanja a m'tauni amene ali ndi magetsi koma sasowa paketi ya makandulo m'kabati, monga zinaonekera namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, pamene dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, komanso ku Zambia mu 2024 madzi atachepa m'nyanja ya Kariba. Munthu woyatsa kandulo kuti aone amaiyatsa m'chipinda chaching'ono, kwa maola angapo, usiku uliwonse, ndiponso amaiyandikira kwambiri. Zotsatira za kafukufuku wakunja ziyenera kuwerengedwa ndi kusiyana kumeneku m'maganizo.

Makandulo ambiri ogulitsidwa m'maokala ndi m'magolosale amapangidwa ndi phula lochokera ku mafuta okumbidwa pansi, limene limapatulidwa poyenga mafutawo. Pachingerezi phulali limatchedwanso palafini, zomwe zimasokoneza, pakuti kwa ife palafini ndi mafuta amadzimadzi othira m'nyali. Ziwirizi n'zapachibale koma si chinthu chimodzi. Phula likadali lolimba siliyaka. Kutentha kwa lawi kumasungunula phula la pamwamba, chingwe chimayamwa phula losungunukalo monga mmene nsalu imayamwira madzi, ndipo likakwera kufika m'lawi limasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo ndi imene imayaka. Katswiri wa sayansi Michael Faraday, pophunzitsa achinyamata ku Royal Institution mumzinda wa London mu 1848 komanso mu 1860, ankaonetsa zimenezi pozimitsa kandulo n'kuyandikizitsa moto ku utsi woyera umene ukukwera: moto unkatsika ndi utsiwo n'kukayatsanso chingwe. Aliyense angathe kuyesa kunyumba, ndipo akatero adzaona ndi maso ake kuti utsi woyera wa kandulo yozimitsidwa kumene ndi phula losapsa limene likuyandama mumpweya.

Phula limapangidwa ndi kaboni ndi haidirojeni, ndipo likapsa mokwanira limasiya nthunzi ya madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, zomwe ifenso timatulutsa popuma. Koma m'kati mwa lawi okosijeni ndi wochepa, motero nthunzi ya phula imasweka n'kupanga tizidutswa ta kaboni, ndipo tizidutswa timeneti tikatentha kwambiri timawala. Kuwala kwachikasu kumene timawerengera kumachokera ku mwaye woyaka. Kandulo yopanda mwaye m'lawi lake ikanakhala ndi lawi labuluu losaunikira kwenikweni, ngati la chitofu cha gasi. Lawi likadekha n'kuima ngati dontho, pafupifupi mwaye wonse umapsa usanatuluke, chifukwa m'mphepete mwa lawi kutentha kumafika madigiri pafupifupi 1,400. Lawi likatalika mopitirira, kaya chifukwa chingwe chatalika kapena chapanga chimutu chakuda kunsonga, kapena likamavina chifukwa cha mphepo ya pazenera kapena ya munthu wodutsa, mwaye umathawa usanapse. N'chifukwa chake kandulo imodzi yomweyo ikhoza kuyaka mwaukhondo mphindi ino n'kuyamba kufuka mphindi yotsatira.

Akatswiri a ku Lund University m'dziko la Sweden anayeza utsi wa makandulo m'chipinda choyesera, ndipo m'zimene anafalitsa mu 2009 anaonetsa kuti pali mitundu itatu ya tizidutswa malinga ndi mmene kandulo ikuyakira. Lawi likadekha, timene timatuluka ndi tating'onoting'ono zedi ndiponso tochuluka kwambiri pa chiwerengero, koma tambiri si mwaye ayi. Ndi timchere tochokera ku mankhwala amene opanga makandulo amanyikamo chingwe kuti chisapse msanga. Lawi likamavina, timatuluka tizidutswa ta mwaye wakuda tolemera kwambiri kuposa timchere tija. Kandulo ikazimitsidwa chingwe n'kumanyeka, timatuluka timadontho ta phula losapsa, tokulirapo. Kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza kwambiri, chifukwa timchere timasungunuka tikafika pachinyezi cha m'mapapo ndipo thupi limatichotsa mosavuta, pamene mwaye susungunuka, umakhalitsa, ndipo umanyamula mankhwala ena a m'gulu limene limapezekanso mu utsi wa fodya ndi wa galimoto za dizilo.

Ukulu wa tizidutswato ndi umene umanena kumene tikathere m'thupi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, n'kutuluka ndi mamina kapena makhololo. Timene akatswiri amatitchula kuti PM2.5 ndi tosapitirira maikiromita 2.5, pamene tsitsi limodzi la munthu limanenepa maikiromita pafupifupi 70, ndipo timeneti timatsika mpaka m'timatumba ta m'mapapo mmene okosijeni amalowera m'magazi. Tambiri ta m'lawi la kandulo ndi tochepera maikiromita 0.1, tosaoneka ngakhale padzuwa lolowa pazenera. Zimene tizidutswa totere timachita kwa munthu wotipuma kwa zaka zambiri zimadziwika bwino kuchokera ku utsi wa m'misewu, wa m'mafakitale ndi wa nkhuni: timayambitsa kutupa m'njira za mpweya ndi m'mitsempha ya magazi, ndipo timaonjezera mwayi wa chibayo, mphumu, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linatsitsa malire ake, n'kunena kuti PM2.5 isapitirire maikirogalamu 5 pa kiyubiki mita iliyonse ya mpweya powerengera chaka chonse, ndi maikirogalamu 15 powerengera maola 24.

Manambala amenewa amamveka bwino tikawaika m'chipinda chenicheni. Chipinda cha mamita 3 m'litali, mamita 3 m'lifupi ndi mamita 2.5 kupita m'mwamba, chonga zambiri zochitira lendi, chimasunga mpweya wokwana makiyubiki mita 22.5. Miligalamu imodzi yokha ya mwaye (maikirogalamu 1,000), kachulukidwe kamene munthu sangakaone pansonga ya chala, ikamwazikana m'chipindamo chitseko ndi zenera zili zotseka, imapereka maikirogalamu pafupifupi 44 pa kiyubiki mita, ndiko kuti pafupifupi katatu malire a maola 24 aja. Zoonadi malirewo ndi a tsiku lonse, ndipo kupitirira kwa ola limodzi sikufanana ndi kupitirira usana ndi usiku. Koma miligalamu yomweyo ikamwazikana pabalaza lalikulu la makiyubiki mita 100 imangopereka maikirogalamu 10. Kukula kwa chipinda ndi kulowa kwa mpweya watsopano zimasintha nkhani kuposa mtengo wa kandulo, ndipo apa nyumba yopanda siling'i, imene mpweya umatulukira m'mipata ya pansi pa malata, ili ndi ubwino umene eni ake sauwerengera.

Dziko limene lafufuza kwambiri nkhaniyi ndi Denmark, chifukwa anthu akumeneko ali m'gulu la oyatsa makandulo ambiri mu Ulaya, makamaka m'nyengo yozizira pamene dzuwa limalowa msanga ndipo mazenera amakhala otseka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, amene anayeza mpweya m'nyumba 56 za ku Copenhagen, anapeza kuti m'nyumba zimene munkayatsidwa makandulo, makandulowo ndi amene ankapereka pafupifupi 60 pa 100 ya tizidutswa tating'onoting'ono zedi timene anthu ankakhala nato m'nyumbamo. Ku Aarhus University, achinyamata 36 odwala mphumu yosakula kwambiri anaikidwa m'chipinda choyesera kwa maola asanu, tsiku lina muli utsi wa makandulo, tsiku lina utsi wa nyama yootcha mu uvuni, tsiku lina mpweya wabwino, ndipo anapezeka ndi zizindikiro zochepa za kuyabwa ndi kutupa pambuyo pa utsi wa mitundu iwiri yonseyo. Komano kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2022, amene anatsata anthu achikulire oposa 6,000 kwa zaka zingapo, sanapeze kuti oyatsa makandulo kangapo pa mlungu ankadwala mtima kapena mapapo kuposa anzawo osayatsa.

Zotsatira zitatuzi sizikutsutsana monga mmene zikuonekera. Choyamba chikunena za chiwerengero cha tizidutswa, ndipo taona kale kuti lawi lodekha limatulutsa tambirimbiri tosalemera ndi tosungunuka. Chachiwiri chikuonetsa kuti thupi la munthu wa mphumu limazindikira utsiwo ngakhale kwa maola ochepa. Chachitatu chikusonyeza kuti kwa munthu wamkulu wokhala m'nyumba yabwino, kandulo ya apo ndi apo siisiya chiopsezo chachikulu choti n'kuoneka m'mabuku a kuchipatala. Ine ndimaona kuti amene amagwiritsa ntchito chotsatira chachitatu potonthoza aliyense amapitirira muyeso, chifukwa mwa anthu a m'kafukufuku ameneyo simunali khanda logona m'chipinda chimodzi ndi makolo ake, kandulo, koyilo ya udzudzu ndi mbaula. Koma amene amafalitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti kandulo ndi poizoni wofanana ndi fodya nawonso akunena zopanda umboni.

Makandulo akachuluka pamalo amodzi zinthu zimasintha. Mu 2004 ofufuza a ku Maastricht University m'dziko la Netherlands anayeza mpweya m'tchalitchi chachikulu ndi m'kachisi wamng'ono wa mumzinda wa Maastricht, ndipo makandulo atayaka kwa maola 9 fumbi la mumpweya linafika pakati pa maikirogalamu 600 ndi 1,000 pa kiyubiki mita, kuposa la m'mphepete mwa msewu wodutsa galimoto zambiri. Wopemphera wobwera kwa ola limodzi pa mlungu sakhudzidwa kwenikweni. Okhudzidwa ndi ansembe, oimba kwaya ndi osamalira tchalitchi amene amakhalamo nthawi yaitali, makamaka pamene lubani nayenso akufuka.

Kupatula tizidutswa, palinso mipweya yosaoneka. Lawi lililonse lotentha kwambiri limalumikiza naitirojeni ndi okosijeni wa mumpweya n'kupanga naitirojeni dayokisaidi, mpweya woyabwa m'njira zopumira umene umavutitsa kwambiri a mphumu. Kupsa kosakwanira kumatulutsanso pang'ono formaldehyde ndi benzene, ndipo onse awiri ali pamndandanda wa bungwe la International Agency for Research on Cancer wa zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mawu akuti khansa ndi amene amaopsa owerenga, koma chofunika ndi mlingo. Malire a World Health Organization a formaldehyde m'nyumba ndi miligalamu 0.1 pa kiyubiki mita kwa mphindi 30, ndipo m'mayeso ambiri kandulo imodzi kapena makandulo awiri m'chipinda cholowa mpweya sizifika pamenepo. Formaldehyde yemweyo amatulukanso m'mipando ndi m'makabati a matabwa omata ndi guluu, mu penti ndi mu utsi wa nkhuni. Tiyenera kuvomereza kuti ena mwa mayeso amenewa analipiridwa ndi opanga makandulo ndi zonunkhiritsa, zomwe sizikutanthauza kuti ndi abodza, koma zimatikumbutsa kuti mlingo umene iwo amautcha kagwiritsidwe ntchito koyenera anausankha ndi iwo eni.

Makandulo onunkhira, amene tsopano akupezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg ndipo amaperekedwa ngati mphatso, amaonjezera mbali ina. Fungo ndi mankhwala ouluka, ndipo kandulo yotere imawatulutsa ngakhale isanayatsidwe. Ena mwa iwo, monga limonene amene amapereka fungo la ndimu, akakumana ndi mpweya wa ozoni umene umalowa kuchokera panja amasanduka formaldehyde ndi tizidutswa tatsopano. Ofufuza a ku Purdue University ku America anaonetsa mu 2025 kuti ngakhale phula lonunkhira longosungunulidwa ndi magetsi, lopanda lawi n'komwe, limapanga tizidutswa tochuluka mofanana ndi kandulo yoyaka, chifukwa cha kusakanikirana kumeneku. Kwa anthu ena fungo lokhalo limautsa mutu, kuyetsemula kapena kubanika, ndipo zilibe kanthu kaya linachokera ku chomera kapena ku fakitale. Kuyatsa kandulo yonunkhira pofuna kuthetsa fungo la nkhungu kapena la kuchimbudzi ndi kuonjezera mankhwala pamwamba pa vuto limene silinachoke.

Pali mkangano umene umatenga malo ambiri pa intaneti kuposa mmene uyenera: wakuti phula la soya kapena la njuchi ndi lotetezeka pamene lochokera ku mafuta okumbidwa pansi ndi lakupha. Magwero ake aakulu ndi zimene ofufuza a ku South Carolina State University anafotokoza pamsonkhano wina mu 2009, ndipo opanga makandulo anazitsutsa kwambiri. Phula lililonse, kaya la soya, la njuchi, la mafuta a kanjedza kapena la mafuta a nyama, limayaka mwa njira imodzi, ndipo lililonse limafuka lawi likasokonezeka. Chimene chimasiyanitsadi ndi kuyengeka kwa phulalo, pakuti phula losayengedwa bwino lotsalira mafuta ndi sulufule limafuka kwambiri, komanso kugwirizana kwa kunenepa kwa chingwe ndi kukula kwa kandulo. Ku Ulaya kuli muyezo wotchedwa EN 15426 woyezera mwaye umene kandulo imatulutsa pa ola. Wogula wa kwathu kuno, amene nthawi zambiri amagula kandulo imodzi yopanda pepala lililonse, muyezo wake ndi maso: kandulo yofewa ndi yamafutamafuta m'manja, yopindika msanga, yotha mofulumira ndiponso yotulutsa kautsi kakuda pansonga ya lawi ngakhale popanda mphepo, ndi yosayenera kuigulanso. Zonena kuti kandulo ya phula la njuchi imayeretsa mpweya ndi malonda chabe.

Chiopsezo chimodzi chimene chinali chenicheni ndi mtovu. Opanga makandulo ena, makamaka a m'matambula agalasi, ankaika kawaya pakati pa chingwe kuti chiime chilili phula likasungunuka, ndipo kawayako nthawi zina kankakhala ka mtovu. Kakapsa, mtovu unkauluka mumpweya n'kugwera pansi ndi pamipando ngati fumbi, pamene ana okwawa amautola ndi manja n'kuika mkamwa. Mtovu umaononga ubongo wa mwana ndipo palibe mlingo wake umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Australia inaletsa zingwe zotere mu 1999 ndipo America inatsatira mu 2003. Makandulo wamba oyera aatali amakhala ndi chingwe cha thonje chokha, koma amene wagula kandulo ya m'galasi yosadziwika kochokera angathe kufunyulula nsonga ya chingwe isanayatsidwe: ngati muli kawaya, akakhute papepala loyera, ndipo kakasiya mzere wotuwa ngati wa pensulo, kandulo imeneyo isayatsidwe.

Ambiri amaopa kuti kandulo imamaliza okosijeni m'chipinda. Kandulo wamba imatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 80, komwe ndi kofanana ndi kwa thupi la munthu wamkulu atakhala phee, ndipo okosijeni amene imadya ndi wofanananso ndi wa munthu mmodzi. Kuyatsa kandulo kuli ngati kulandira mlendo mmodzi m'chipindamo. Kaboni monokisaidi, mpweya wopanda fungo umene umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, umatuluka wochepa kwambiri m'kandulo. Chimene chimapha anthu ali m'tulo m'miyezi ya Juni ndi Julayi ndi mbaula ya makala yolowetsedwa m'nyumba yotseka, ndipo munthu akadzuka ndi mutu waukulu, chizungulire ndi mseru m'chipinda mmene munali kandulo ndi mbaula, wolakwa ndi mbaulayo.

Kuyerekeza kumeneku kuyenera kupitirira, chifukwa kandulo siikhala yokha m'nyumba zathu. Nyali ya koloboyi ndi yoipa kwambiri kuposa kandulo: kafukufuku wa 2012 anapeza kuti nyali za chingwe zopanda galasi zimasandutsa 7 mpaka 9 pa 100 ya palafini wake kukhala mwaye wakuda, ndipo World Health Organization kuyambira 2014 imalangiza kuti palafini asamagwiritsidwe ntchito m'nyumba. Koyilo imodzi yofukizira udzudzu, malinga ndi kafukufuku wa 2003, imatulutsa PM2.5 yofanana ndi ya ndudu 75 mpaka 137. Pamwamba pa zonsezi pali nkhuni ndi makala, zomwe ndi gwero lalikulu la imfa pafupifupi 3.2 miliyoni zimene bungwelo linawerengera kuti zinachitika padziko lonse mu 2020 chifukwa cha utsi wa m'nyumba. M'Malawi momwemuno, kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba pa ana 10,750 osakwana zaka zisanu anapeza kuti kugawa mbaula zamakono zosafuka kwambiri sikunachepetse chibayo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti anawo ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa fodya. Mapapo amaphatikiza utsi wonse wa tsikulo osasankha kochokera. Kandulo ndi gawo laling'ono la katunduyo, koma ndi gawo limene limabwera usiku, m'chipinda chogona, zitseko zitatsekedwa.

Amene amalemedwa kwambiri ndi katunduyo ndi makanda ndi ana aang'ono, chifukwa amapuma mofulumira, mpweya umene amakoka ndi wambiri poyerekeza ndi kulemera kwa thupi lawo, ndipo mapapo awo akukulabe. Amatsatira ndi a mphumu, amayi oyembekezera, okalamba, odwala mtima, ndi amene anadwalapo chifuwa chachikulu n'kutsala ndi zipsera m'mapapo, omwe m'dera lathu lino si ochepa. Gulu lina ndi la ophunzira. Kandulo imapereka kuwala kwa malumeni pafupifupi 13, pamene babu lakale la mawati 60 limapereka pafupifupi 800, motero wowerenga amakakamizika kuika buku ndi nkhope pafupi ndi lawi, ndipo kupuma kwake komwe ndi kutembenuza masamba zimavinitsa lawilo n'kulifukitsa. Kwa mwana wa Sitandade 8 kapena wa Folomu 4 wowerenga usiku uliwonse, kanyali ka sola kapena tochi yochajitsa n'kabwino kwa maso ndi kwa mapapo, ndipo mtengo wake umabwerera pa ndalama za makandulo a miyezi ingapo. Pakati pa koloboyi ndi kandulo, munthu asankhe kandulo; pakati pa kandulo ndi tochi, asankhe tochi.

Pamene kandulo siingapeweke, zambiri zili m'manja mwa woyatsa. Chingwe chidulidwe kuti chitsale mamilimita pafupifupi 6 isanayatsidwe, ndipo chimutu chakuda chikapangika kunsonga, kandulo izimitsidwe, chidulidwe, kenako iyatsidwenso. Timitengo ta machesi tisasiyidwe m'phula losungunuka, chifukwa timasanduka chingwe chachiwiri n'kukulitsa lawi. Chovuta ndi nkhani ya zenera, pakuti malangizo awiri amaoneka ngati akulimbana: mpweya watsopano uyenera kulowa, koma mphepo imafukitsa lawi. Njira yake ndi kutsegula pang'ono zenera kapena chitseko cha mbali ina, kandulo n'kuiika pamalo osadutsa mphepo, kapena kuitchinjiriza ndi botolo lagalasi la pakamwa papakulu. Botololo lisakhale lakuya ndi lopapatiza, chifukwa lawi losowa mpweya limafukanso, ndipo khosi la botolo likayamba kuda ndiye kuti zikuchitikadi. Bungwe la Childsafe la ku Cape Town lakhala likuphunzitsa anthu a m'misasa kuzika theka la kandulo mumchenga wouma m'botolo lotere, kuti ikagwa mchenga uzimitse moto. Cholinga chawo ndi kupewa ngozi za moto, zomwe kunena zoona zimapha ndi kulemaza anthu mwachangu kuposa utsi uliwonse, makamaka kandulo ikasiyidwa pafupi ndi neti ya udzudzu kapena katani, koma njira yomweyo imadekhetsanso lawi.

Mphindi imene ambiri saiganizira ndi yozimitsa. Chizolowezi chathu ndi chakuti munthu amatseka chitseko ndi zenera, kukonza pogona, kuyandikizitsa kandulo pamutu pa bedi kapena pamphasa, n'kuiuzira atagona kale. Chingwe chimatsala chikunyeka kwa kamphindi, ndipo utsi woyera wa phula losapsa umene umatuluka pamenepo ukhoza kulemera kuposa umene lawi lodekha latulutsa kwa nthawi yaitali. Utsiwo umatsekeredwa m'chipinda, ndipo popeza tizidutswa tating'ono sititsika pansi msanga, timayandama kwa maola angapo pamene banja lonse likupuma m'tulo. Kuzimitsa kopanda utsi n'kosavuta: kupinda chingwe ndi kawaya kapena msomali n'kuchimiza m'phula losungunuka, kenako n'kuchiimikanso, zomwe zimachisiya chokutidwa ndi phula ndi chosavuta kuyatsa mawa. Kandulo yopyapyala imene siisunga phula losungunuka pamwamba ingathe kutulutsidwa pakhonde n'kuzimitsira kumeneko, kapena kuzimitsidwa zenera likadali lotsegula, n'kudikira mphindi 10 kapena 15 musanatseke ndi kugoneka ana.